Timu ndi ya Anthu, Thumba ndi la Wina: Mbiri ya Bullets Poionera ku Kasina

Kuchoka ku Kasina, m'boma la Dedza, kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre ndi ulendo wa makilomita oposa 200, ndipo ambiri mwa ochemerera Bullets a m'midzi ya kuno sanapondepo pa bwalo limenelo. Sanagulepo tikiti, ndipo jezi yofiira imene ena amavala ndi ya pamsika, yosokedwa ndi anthu amene sapereka ngakhale tambala ku timuyo. Komabe Maule (Bullets) akagonja kwa Manoma (Wanderers), pali amuna aakuluakulu amene amazemba pagolosale masiku awiri kuopa kusekedwa. Mukawafunsa kuti timuyi ndi ya yani, amayankha mosaphethira kuti ndi yawo, ndi timu ya fuko. Akunena zoona, koma si zoona zonse. Chikondi n'chawodi. Ndalama zimene zasunga timuyi kuyambira pachiyambi zakhala zikuchokera m'thumba la wina, ndipo kukwera ndi kutsika kwa Bullets kwatsatira thumba limenelo kuposa china chilichonse.

Timuyi inayamba mu 1967, pamene osewera ena anachoka ku Wanderers, imene inali itakhazikitsidwa mu 1962, n'kukayambitsa yawo. Udani wa Maule ndi Manoma ndi wa pachibale, n'chifukwa chake sutha. Pasanapite nthawi kampani yopanga nsapato ya Bata inayamba kuithandiza, dzina n'kukhala Bata Bullets. Achikulire ambiri mpaka lero amangoti "Bata" akamakamba za timuyi.

Kuti timvetse nthawi imeneyo tiyenera kukumbukira mmene chuma cha dziko chinkayendera pansi pa Dr. Kamuzu Banda. Makampani aakulu ndi mabungwe a boma ankakhala ndi matimu awo ngati mbali ya ntchito. Limbe Leaf inali ndi Wanderers, ADMARC inali ndi Tigers, bungwe la MDC linali ndi MDC United, banki yaikulu ya Reserve inali ndi Silver Strikers, apolisi ndi asilikali analinso ndi awo. Kawirikawiri wosewera waluso ankapatsidwa ntchito pakampani, masana n'kumapita kokonzekera masewero. Malipiro a mpira weniweniwo anali ochepa, koma munthu ankadziwa kuti mwezi ukatha alandira. Dongosolo limeneli ndilo linalera Kinnah Phiri, amene anagoletsa zigoli 71 mu timu ya dziko, ndipo anali pakati pa Flames imene inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Lawrence Waya anadzera njira yomweyo.

Kutchuka kwa Bullets m'madera akutali ngati kuno kunabwera ndi wailesi. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi yakanema kunalibe mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mwana wa ku Kasina, wa ku Linthipe kapena wa ku Lobi ankamva mayina a osewera a ku Blantyre Loweruka lililonse, ndipo ankawadziwa bwino kuposa mayina a nduna za boma. Kwawo kunalibe timu ya mu ligi yaikulu yoti aikonde. Anatola imene inkapambana, kapena imene atsibweni ake ankakonda, ndipo anaisiyira ana ake. Olengeza mpira ngati Steve Liwewe Banda anagwirira Bullets ndi Wanderers ntchito yokopa anthu imene makampani akanalipira ndalama zambiri kuti aichite okha.

Super League itayamba mu 1986, Bata Bullets ndiyo inakhala yoyamba kutenga ukatswiri. Inautenganso mu 1991 ndi 1992. Koma mndandanda wa akatswiri a zaka zimenezo umaonetsa kuti mphamvu zinali zogawana: Civo United mu 1987, MDC United mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989. Timu iliyonse inali ndi kholo lake lamphamvu, ndiye panalibe imodzi yopondereza zinzake nthawi yaitali.

Kenaka makolowo anayamba kufooka. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, boma linatsegula misika ndi kuyamba kugulitsa makampani ake. Katundu wakunja ndi kaunjika zinadzaza m'misika, mabungwe a boma anauzidwa kuti achepetse zowononga, ndipo mpira unali pakati pa zinthu zoyamba kudulidwa. MDC United inatha bungwe lake litatha. Tigers inatsala ndi dzina lokha, n'kumasintha oithandiza. ESCOM United, imene inatenga ligi mu 2007 ndiponso mu nyengo ya 2010–11, lero mu ligi yaikulu mulibe. Matimu amene sanagwedezeke kwenikweni ndi a banki yaikulu, apolisi ndi asilikali, chifukwa kholo lawo silitseka. N'chifukwa chake mpaka pano ligi yathu ili ndi Silver, Blue Eagles, Kamuzu Barracks, Moyale, MAFCO ndi ena otere, amene ndalama zawo zimachokera ku boma ndi mabungwe ake.

Bullets inapulumuka chifukwa inali ndi chinthu chimene MDC United inalibe: khamu. Bata itasiya, kampani ya mafuta ya Total inaona kuti dzina lake likhoza kumveka dziko lonse kudzera mu timuyi, ndipo inakhala Total Big Bullets. Kuyambira 1999 mpaka 2005 inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana, chinthu chimene palibe timu ina ya m'dziko muno inachitapo.

M'kati mwa zaka zimenezi ndi mmene munabwera nyengo imene ochemerera amaikumbukira ndi chimwemwe chosakanizika ndi ululu. Mu 2003 mtsogoleri wa dziko, Bakili Muluzi, anatenga timuyi n'kuyamba kuithandiza ndi ndalama, ndipo inatchedwa Bakili Bullets. Ndalama zinalipo zoti timu igule osewera abwino a m'dziko muno pafupifupi onse, iwalipire bwino, mpaka ipite ku England kokakonzekera. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri. Munali Peter Mponda kumbuyo, Swadick Sanudi pagolo, Fischer Kondowe m'mbali, Robert Ng'ambi akadali mnyamata. Mu 2004 timuyi inachotsa Orlando Pirates ya ku South Africa mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa n'kulowa m'ndime ya magulu, momwe munali matimu asanu ndi atatu okha a kontinenti yonse. Inagwera m'gulu limodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Côte d'Ivoire. Sinapitirire, koma tisaiwale kuti Enyimba ndi Étoile ndi amene anakakumana mu ndime yomaliza chaka chimenecho, Enyimba n'kutenga chikho. Bullets inagonja kwa matimu awiri opambana onse mu Africa.

Anthu amakonda kunena nkhani imeneyi ngati umboni wakuti Malawi ali ndi luso, chosowa ndi ndalama basi. Ine ndimaiona ngatinso umboni wa chinthu china. Ndalama zonse zija sizinamange bwalo, sizinakhazikitse sukulu ya ana a mpira, sizinasiye bizinesi iliyonse m'dzina la timu. Zinali za munthu mmodzi, zomangirira pa mpando wake. A Muluzi anachoka pa mpando mu May 2004, chaka chotsatira anasemphana ndi wolowa m'malo wawo Bingu wa Mutharika, ndipo thandizo linauma. Osewera odziwika anawoloka kupita ku South Africa ndi kwina. Dzina linabwerera kukhala Big Bullets, lopanda kampani kapena munthu kutsogolo kwake.

Apa ndipo mawu oti "timu ya anthu" anayesedwa kwenikweni, ndipo ndikufuna tichedwepo. Kuyambira 2006 mpaka 2013 Bullets sinatenge ligi. Inkayendetsedwa ndi komiti yosankhidwa, pambali pake pali matrasti ndi komiti ya masapota, ndipo ndalama zinkachokera pakhomo la bwalo ndi kwa anthu akufuna kwabwino. Pakuona kwake zikanayenera kutheka, pakuti timu yodzaza bwalo la Kamuzu siyenera kusowa sopo. Koma ndalama za pakhomo zimadutsa m'manja ambiri zisanafike ku timu. Mwini bwalo amatengapo gawo lake, mabungwe oyendetsa mpira a FAM ndi SULOM amatengapo, achitetezo ndi ogulitsa matikiti amalipidwa, ndipo zotsalazo matimu awiri amagawana. Onjezanipo matikiti achinyengo ndi anthu olowa ulele podzitcha akuluakulu a masapota, vuto limene lakhala likudandaulidwa m'mabwalo athu kwa zaka zambiri. Zotsatira zake zinali osewera kunyanyala chifukwa cha malipiro ndi magemu bonasi, makomiti kuchotsedwa nthawi yawo isanathe, ngongole kusiyirana.

Chinanso n'chakuti masapota ofuula kwambiri pa zisankho za timu anali a ku Blantyre, makamaka madera ngati Ndirande, amene amatha kufika kumalo okonzekera masewero n'kuuza mphunzitsi kuti asaonekenso mawa. Sapota wa ku Kasina analibe voti, analibe khadi la umembala, analibe njira yoperekera K100 yake ngakhale akanafuna. Kunja kuli matimu amene ochemerera ndiwo eni ake mwalamulo, amalipira chaka ndi chaka ndipo amasankha atsogoleri, monga Barcelona ku Spain kapena matimu ambiri a ku Germany. Kuno tinali ndi dzina lokha la umwini wa anthu, popanda kaundula wa anthuwo. Timu inali ngati ng'ombe ya pamudzi: aliyense amati ndi yathu pokama mkaka, koma pokagula mankhwala a nkhupakupa aliyense ali kumunda.

Ligi inabwerera mu 2014 ndi 2015, ndipo izi n'zoyamikika chifukwa inabwera timu ilibe kholo lokhazikika. Koma kupambana komweko kunaonetsa umphawi. Mu 2015 Bullets inalowa mpikisano wa mu Africa, inachotsa Fomboni ya ku Comoros, n'kugonja kwa Al Hilal ya ku Sudan. Maulendo a ndege ndi mahotela anasiya ngongole yolemera. Kwa timu ya ku Malawi, kulowa mpikisano wa mu Africa wa CAF n'kuwononga ndalama zambiri kuposa zimene ingalandire, pokhapokha itafika patali.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu za fodya. Inayamba ngati yothandiza chabe, dzina n'kukhala Nyasa Big Bullets, kenaka mu 2017 inatenga umwini wa timu. Panali mkangano. Ena ankati fuko lagulitsidwa, ena ankati kunalibe chogulitsa koma ngongole. Alimi a fodya a kuno akhoza kumwetulira pang'ono poganiza kuti tsamba limene amalima ndi kusoka ndilo linakapulumutsa timu yawo, ngakhale ndalamazo zinadzera njira yaitali.

Zimene zinatsatira n'zovuta kuzitsutsa. Malipiro anayamba kubwera pa nthawi yake, osewera anasaina makontrakiti enieni, ofesi inakhala ndi antchito olembedwa. Fleetwood Haiya, amene anali mmodzi wa oyendetsa timuyi nthawi imeneyo, anadzakhala mtsogoleri wa SULOM, kenaka mu December 2023 anasankhidwa kutsogolera FAM m'malo mwa Walter Nyamilandu. Kumapeto kwa 2018 kunabwera mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, amene anali atatenga kale ligi ya kwawo kanayi motsatizana ndi Dynamos ya ku Harare. Bullets inatenga ligi mu 2018, 2019, nyengo ya 2020–21 imene inasokonezedwa ndi mliri wa Covid-19, 2022 ndi 2023, kufikitsa chiwerengero chonse pa 17. Mu 2023, itayamba kutchedwa FCB Nyasa Big Bullets chifukwa cha mgwirizano ndi First Capital Bank, inasesa zikho zonse zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup.

Kwa ine chizindikiro chachikulu cha nyengo imeneyi si zikhozo ayi, koma zimene zinachitika mu 2022, pamene ndime yomaliza ya FDH Bank Cup inali ya pakati pa Nyasa Big Bullets ndi Nyasa Big Bullets Reserve. Ana a m'nyumba anachotsa matimu a mu Super League mpaka kukakumana ndi akulu awo. Akuluwo anapambana, koma uthenga unamveka: ndalama za ulendo uno zinalowa m'nthaka, zinamera osewera. Ndalama za 2003 zinkagula osewera opsa kale, izi zinkawalera. Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma, amene anadzera mu timu ya achisodzera imeneyi, anagulidwa ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi mu 2024. Kugulitsa osewera kunja ndi njira imodzi yooneka imene timu ya kuno ingapezere ndalama zakezake.

Komabe tisathamange. Kunja kwa malire, Bullets ya Nyasa sinafike pamene inafika ya Bakili. Inachotsedwa ndi FC Platinum ya ku Zimbabwe mu 2019, AmaZulu ya ku South Africa mu 2021, Simba ya ku Tanzania mu 2022, ndi TP Mazembe mu 2023. Inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha CECAFA Kagame mu 2021 koma inagonja kwa Express ya ku Uganda. Chifukwa chimodzi n'chachidziwikire: wosewera akangoonetsa luso, kwacha siingamusunge. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Malipiro ooneka ochepa ku Tanzania, Zambia kapena Mozambique amasanduka chuma akasinthidwa kuno. Gabadinho Mhango anachoka ku Bullets mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, ndipo njira imeneyo sinamerepo udzu.

Bwalo nalo palibe. Timu yazaka zoposa 50, yotenga ligi ka 17, imabwerekabe bwalo la boma la Kamuzu, limene lakalamba ndipo lakhala likutsekedwa ndi kutsegulidwa. Masewero a CAF imakasewerera ku Lilongwe pa bwalo la Bingu, limene linatsegulidwa mu 2017. Mu 2019, zisankho zikuyandikira, mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika analonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo awo, ntchito inayambika, koma inakhala zaka ikukwawa. Apanso ndale zinalowa mu mpira kudzera pakhomo lomwe lija la 2003. Andale amadziwa kuwerenga anthu ovala zofiira ndi zabuluu, mwina kuposa mmene matimuwo amawawerengera.

Ndipo mpikisano wabwerera. Wanderers, itadutsa m'mayina a Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru, inasandukanso kampani motsogozedwa ndi Thom Mpinganjira. Silver Strikers inalanda ligi mu 2024 pansi pa Peter Mponda, mwana wa Bullets yemwe, amene pambuyo pake anabwerera kwawo kudzalowa m'malo mwa Pasuwa, yemwe anapita kukaphunzitsa Flames. Matimu atatu amenewa ndiwo ali ndi thumba lakuya, ndipo zikho zambiri zikuzungulira pakati pawo.

Nanga ife a ku Dedza mbiri imeneyi ikutikhudza bwanji, kupatula kukangana pa wailesi? Ikutikhudza chifukwa tsopano tili ndi timu yathu, ndipo ikuyenda njira imene Bullets inayenda kale. Chapakati pa zaka za m'ma 2010, Dedza Young Soccer inalowa mu Super League koma sinakhalitse. Kenaka Dedza Dynamos inakwera kuchokera mu ligi ya chigawo chapakati n'kuyamba kusewera mu Super League mu 2022. Yang'anani dzina lake: inayamba kutchedwa Dedza Dynamos Salima Sugar, kenaka Premier Bet Dedza Dynamos. M'zaka zochepa yasintha dzina mmene Bullets inkasinthira m'zaka makumi. Osewera ake owala, monga Clement Nyondo ndi Promise Kamwendo, anatengedwa ndi Wanderers. Zimene matimu a kunja amachita kwa Bullets, matimu a ku Blantyre ndi Lilongwe amachita kwa Dedza.

Mtolo wa timu yotere ndi wolemera kuposa mmene woonerera amaganizira. Ligi ili ndi matimu 16, kutanthauza masewero 30 pa nyengo, theka lake koyenda. Ulendo wa ku Karonga ndi makilomita oposa 600 kupita kokha, ndipo pafunika basi, mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu pafupifupi 30. Malamulo a FAM opereka chilolezo ku matimu amafuna makontrakiti, aphunzitsi a mapepala, timu ya achisodzera ndi bwalo lovomerezeka. Zonsezi n'zabwino, koma zimadya ndalama. Tsiku limene bwalo la Dedza limadzaza kwenikweni ndi limene kwabwera Bullets, Wanderers kapena Silver, ndipo ambiri mwa odzazawo amakhala atabwera kudzachemerera alendo. Mnyamata wa ku Kasina amakwera kabaza mpaka pamsewu wa M1, n'kukwera minibasi ya ku Dedza, n'kulipira pakhomo, atavala zofiira. Ndalama yake yathandiza Dynamos, mawu ake athandiza Maule.

Palinso mdani wina amene Bata Bullets sinalimbane naye. M'misika ya kuno muli nyumba zoonetsa mpira wa ku England pa kanema, ndipo mwana wa zaka khumi amadziwa osewera a Arsenal ndi Manchester United kuposa a Dedza Dynamos. Mwayi umene wailesi imodzi inapatsa matimu a ku Blantyre sudzabweranso kwa wina aliyense. Timu yatsopano iyenera kupeza okonda ake mudzi ndi mudzi.

Apa ndi pamene ndikuona kuti Dynamos ikhoza kuchita chimene Bullets sinachite pamene inali ya anthu. Dedza si boma losauka pa malonda: mbatata ya kachewere, nyemba, soya, tomato ndi kabichi zimachoka kuno tsiku ndi tsiku kupita m'mizinda, misika ya Chimbiya, Linthipe ndi Thete imagwira ndalama, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wothandiza kutumiza ndalama pa foni. Mu 2006 sapota wa kumudzi analibe njira yoperekera kangachepe kake. Lero Airtel Money ndi Mpamba zili m'thumba mwake. Chosowa ndi kaundula wa mamembala, malipoti a ndalama oti aliyense awaone, ndi voti kwa amene wapereka. Zopereka zotere sizingalipire nyengo yonse, ndipo kampani yothandiza idzafunikabe. Koma zikhoza kulipira basi ndi malipiro a miyezi iwiri kapena itatu ya pakati pa kampani yochoka ndi kampani yobwera, miyezi imene matimu ambiri a m'maboma amafera.

Osewera nawo ali pompano. Mabwalo a sukulu za pulayimale a ku Kasina ndi madera ozungulira amadzaza Lamlungu lililonse anthu akatuluka m'tchalitchi, ndipo mabonanza a aphungu ndi amalonda amatulutsa anyamata othamanga ngati mphepo. Ambiri amathera pomwepo chifukwa palibe amene amalemba mayina awo. Bullets Reserve inaonetsa kuti timu yolera ana ake imakhala ndi chogulitsa. Dynamos ikamasainitsa anyamata a m'boma muno akadali aang'ono, pa makontrakiti a zaka zingapo, ndiye kuti tsiku limene Wanderers kapena Bullets idzabwere kudzatenga wina, idzayenera kulipira mtengo woti n'kulerera ena asanu.